"Clam up" ndi "bite your tongue": kukhala chete kwake n'kosiyana

Mawu awiri onsewa ndi a Chingerezi ndipo amanena za kutseka pakamwa, koma mukawasinthanitsa, mwini chilankhulo adzamva zina.

"Clam up" amachokera ku clam, kanyama ka m'madzi ka zigoba ziwiri kamene kamadzitsekera mwamphamvu kakangokhudzidwa. Ife tikanati kamba wabweza mutu. Munthu amachita zimenezi mwadzidzidzi, chifukwa cha mantha, manyazi, kapena pali chimene akubisa. Taganizani mwana wolongolola njira yonse, wafika pamaso pa aphunzitsi aakulu, akumufunsa amene waswa galasi la zenera. Iye duu, maso pansi, chala chikukanda tebulo. Ameneyo "he clammed up", ndipo polemba "clammed" muike zilembo "m" ziwiri. Ndi mawu a pamacheza, musawaike m'kalata yofunsira ntchito.

"Bite your tongue" ndi nkhani ina. Apa mantha palibe. Yankho lafika kale kumlomo, lakuthwa bwino, koma mwasankha kulimeza. Apongozi akufotokoza pagulu zinthu zimene mukudziwa kuti sizinayende choncho, inu mungoyang'ana kumbali. Pambuyo pake mumauza mnzanu kuti "I had to bite my tongue." Awa ndiwo ndimawakonda ine, poti kudziluma lilime kumapweteka, monga momwe kumezera mawu kumapwetekera.

Oyambawo kawirikawiri timanenera munthu wina, achiwiriwa timadzinenera tokha. Koma "shut up", kolamula munthu kuti "tseka pakamwa", musamuyandikire n'komwe pamaso pa akuluakulu, n'chipongwe chenicheni.