ERF yanga ya 1994 patatha nyengo ziwiri za mvula ku Luchenza

Nditangogula lole iyi mu 2023 ndinalemba zoiyamikira. Ndinati injini yake ndi yamphamvu, kabini yake sichita dzimbiri, ndipo mtengo wake unali wotsika tikaona katundu amene imasenza. Ena munandiuza kuti ndidikire kaye mvula igwe ndiye ndidzayankhule. Mvula inagwa, inapita, inabweranso, ndiye tsopano ndingayankhule.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja, ndi ERF EC10 ya 1994, yopangidwa ku Sandbach ku England. Ili ndi matayala khumi, madifu awiri kumbuyo (zitsulo zimene zimazunguza matayala akumbuyo), injini ya Cummins L10 ya malita 10 ndi masilinda 6, komanso giyabokosi ya Eaton yotchedwa Twin Splitter. Kampani ya ERF inagulidwa ndi kampani ina ya malole yotchedwa MAN mu 2000 ndipo lero ERF yatsopano kulibe, koma izi zisakuopseni kwambiri. ERF sinkapanga yokha injini kapena giyabokosi, inkagula kwa ena n'kumanga lole. Choncho mukalowa m'sitolo ya masipeya ku Limbe musamatchule ERF, azingokupukusirani mutu. Tchulani Cummins, tchulani Eaton, ndipo koposa zonse nyamulani chitsulo chakalecho m'manja.

Ntchito yake ndi ya konkuno. Nkhuni za bulugamu zopita ku mafakitale a tiyi, mchenga, njerwa, simenti yochokera ku Blantyre, ndipo nyengo ya nandolo ikafika timanyamula matumba kuchokera ku Limbuli ndi kuno ku Luchenza kupita nawo ku Limbe. Malire sinadutsepo, ikafika ku Muloza imatembenuka.

Injini ndi imene anthu ankandiopseza nayo, koma ndiyo yandivutitsa pang'ono kuposa zonse. Ilibe kompyuta. Mafuta amayenda ndi pampu ya mtundu wa PT, ndipo mainjekita ake amakankhidwa ndi kamushafti monga mmene mavavu amakankhidwira. Ndiye chifukwa chake ikayamba kufuka utsi wakuda kapena kufooka pa chitunda, makaniko wodziwa Cummins sathamangira kumasula pampu. Amatsegula kaye pamwamba n'kutchera mavavu ndi mainjekita. Ataichita zimenezi yanga, utsi unachepa ndipo dizilo anayamba kukhalitsa mu tanki.

Kamodzi kokha ndi pamene tinaitsegula mpaka mkati. Madzi ankachepa mu radiyeta popanda pamene akudontha, kenako oyilo pa kachitsulo koyezera kaja anaoneka ngati tiyi wamkaka. Makaniko wanga ndi bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito mu galaja ya esiteti ina ya tiyi zaka zambiri. Atazula silivu yachitatu, chitsulo chonga payipi chimene pisitoni imayendamo, anaipukuta ndi chiguduli, anatuluka nayo pa dzuwa n'kundiitana.

"Achimwene, bwerani mudzaone ntchito ya madzi a pamjigo."

Kunja kwa silivuyo, mbali imene imakhudza madzi, kunali timaenje ting'onoting'ono tondondozana kuchokera pamwamba kutsika, ndipo kamodzi kanali kataboola mpaka mkati. Ndinafunsa kuti, "Madala, dzimbiri limeneli?" Anati ayi. Silivu imanjenjemera injini ikamalira, madzi amachita tithovu pa chitsulopo, tithovuto tikamaphulika timadya chitsulo pang'onopang'ono. Mankhwala a mu radiyeta ndi amene amateteza, ndipo Cummins inaika dala fyuluta ya madzi yokhala ndi mankhwalawo mkati. Pa yanga fyuluta imeneyo inali itatsekedwa kalekale ndi amene anali nayo ine ndisanagule. Tinasintha masilivu onse 6, tinabwezeretsa fyuluta, ndipo kuchokera pamenepo madzi sachepanso. Ngati mukukaona ERF kapena lole ina iliyonse ya Cummins kuti mugule, yang'anani kafyuluta kameneka musanayang'ane penti.

Za dizilo ndingonena mwachidule, poti tonse tagonapo pa mizere ya pa filing'i siteshoni. Mafuta akasowa, a zigubu amapezeka paliponse m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, ndipo wina amakhala ndi madzi, wina wosakaniza ndi parafini. Pampu ya PT ndi mainjekita ake zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhuzane zouma, ndiye parafini amazidya. Ndinaika fyuluta yowonjezera yolekanitsa madzi, ya kagalasi pansi, ndipo dalaivala amadziwa kuti lole ingachite bwino kugona pabwalo kusiyana ndi kumwa za m'chigubu chosadziwika.

Giyabokosi ndimaikonda, koma yandithawitsira madalaivala. Twin Splitter ili ndi magiya 12: ndodo ili ndi malo anayi, ndipo malo alionse agawidwa patatu ndi kabatani ka pa ndodopo. Ilibe zija zothandiza giya kulowa mosavuta monga pa Fuso kapena Isuzu. Klatchi ndi yonyamukira basi. Mukayenda mumamvera injini, kuchotsa phazi pa mafuta, giya n'kulowa yokha marevu akagwirizana. Mnyamata amene anaphunzirira pa Canter amaikukuta mano mpaka anthu a pa msika kutembenuka. Amene ndili naye pano anayendetsapo mathiraki a ku Beira, ndipo kumumvera akukwera kuchokera ku Luchenza kupita pa boma la Thyolo lole itadzaza kumakoma: injini sigwa mawu, magiya amangotsatana. Pa zitunda za ku Makwasa magiya oyandikana chonchi ndiwo amapulumutsa. Potsetsereka timadalira buleki ya injini ija amati Jake, imene imalira mokuwa koma imasunga malaining'i a mabuleki kuti asapse.

Tsopano kumene kwapita ndalama ndi mtima wanga: mpweya. Lole iyi chilichonse chimadikira mpweya, mabuleki, kugawa magiya, difuloko yomanga matayala akumbuyo kuti azizungulira pamodzi m'matope. Ndipo dera lathu lino mpweya wake ndi wonyowa. Nyengo ya chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu imatha masiku ili pa minda ya tiyi, kompuresa n'kumapopa chinyezi chokhachokha. Air dryer, chipangizo chochotsa chinyezi mu mpweyawo, ikatopa, madziwo amakathera m'matanki, kuchoka apo amalowa m'mavavu, timphira ta mkati timafufuma, ndipo mmawa mumapeza singano ya geji ili pansi. Injini imalira mphindi zambirimbiri mukudikira kuti mpweya ukwere, dizilo akupsa lole isanasunthe.

Mapayipi ake apulasitiki nawonso ndi a 1994 omwewo, auma ndipo amathyoka pamene akhuzana ndi chasisi. Ina inaphulika titangodutsa pa Chitakale titasenza njerwa. Mabuleki a lole zotere anapangidwa kuti mpweya ukatha, sipuling'i ya mu busita, kachitini ka mpweya kokankha buleki, imange matayala akumbuyo, zomwe ndi zabwino chifukwa lole sithawa, koma ikamanga yamanga. Inaima pamenepo theka la thupi lili mumsewu, a minibasi akutukwana, a kabaza akuzungulira. Zonsezi chifukwa cha kapayipi kotalika ngati chala. Chitachitika chimenecho tinasintha mapayipi onse kuyambira ku kompuresa mpaka kumbuyo, tinaika katiriji yatsopano ya air dryer, ndipo madzulo alionse wothandizira dalaivala amakoka timawaya ta pansi pa matanki kuti madzi atuluke. Mu bokosi la zida simusowa mpukutu wa payipi ndi zolumikizira zake. Ndikanati ndilangize munthu chinthu chimodzi chochita sabata yoyamba atagula lole ya zaka 30, ndi chimenechi, injini aisiye kaye.

Magetsi ndi a 24 volts, mabatire awiri, ndipo mawaya ake amadana ndi chinyezi chomwecho. Nyali zakumbuyo tinazikokera mawaya atsopano, nkhani inatha.

Pa kabini ndinanena zoona koma zosakwanira. Kunja kwake ndi kwa faibala, sikuchita dzimbiri ngakhale igone pa mvula ya ku Mulanje. Koma faibalayo anaimanga pa mafelemu achitsulo, ndipo pansi pa zitseko ndi pa masitepe chitsulocho chikudyeka. Komanso izi ndi zomwe ERF inkapanga yokha, ndiye galasi lakutsogolo, zogwirira zitseko ndi nyali simungazipeze pa shelefu. Mumachita kufunsa kumene kwafera ERF ina. Galasi langa lili ndi mng'alu kumbali ya wothandizira ndipo ndikudziwa kuti tsiku la COF, loyeza ngati lole ili bwino kuyenda pamsewu, lidzandivuta.

Matayala ndiwo amadya phindu mwakachetechete. Madifu awiri amathandiza m'matope ofiira a m'misewu ya m'maesiteti, pamene lole ya difu imodzi imangozungulira pamodzimodzi, koma pa makona othina matayala asanu ndi atatu akumbuyowo amakwekwereka. Misewu yambiri ya m'midzi inaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo miyala yosongoka imacheka m'mbali mwa tayala. Mabushi a zitsulo zogwira madifu tasinthanso. Bampala yake ndi yotsika, anaipangira misewu ya kwawo, moti tinaidula pansi itakhula kangapo potsikira ku mchenga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala ndi fyuluta zinakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wa ulendo umodzi wa mchenga unatenga miyezi kuti usunthe, chifukwa womanga nyumba naye ndalama yake ndi yomweyo.

Kodi yabweza ndalama? Ikubweza, koma osati mwa liwiro limene ndinawerengera. Ikamayenda imapindula bwino, poti ulendo umodzi imatenga zimene lole ya matani 7 imatenga kawiri. Vuto ndi masiku oima. Ikaima kudikira kavavu kochokera ku Johannesburg, dalaivala alandirabe, inshulansi ikuthabe, ndipo amene anakupatsani ntchito ya nkhuni sadikira, boyila ya fakitale siizima chifukwa cha inu. A nkhuni amalipira ndithu koma mochedwa. A mchenga amalipira pompo koma amanenerera mpaka kutopa nawo. Popanda ndalama yapadera yosungira kukonza, miyezi iwiri yoipa ingathe kuigoneka pa mathanthwe.

Munthu wokhala kutali ndi makaniko wodziwa Cummins, kapena amene adzasiyire lole mnyamata aliyense wa laisensi, ndingamuuze kuti atenge Fuso Fighter ya injini ya 6D16. Imanyamula zochepa, koma masipeya ake ali ponseponse ndipo aliyense amaidziwa. Ine yangayi sindikugulitsa. Ndamva kuti ku Bangwe kuli ERF EC ina imene inafa injini koma kabini ndi giyabokosi zili bwino, ndipo ndikukambirana ndi mwini wake kuti ndiikokere kuno ikhale nkhokwe ya masipeya, kuyambira ndi galasi lija.