Green ndi Bosanquet: boma lithandize mmphawi mpaka pati?

T.H. Green ndi wophunzira wake Bernard Bosanquet, akatswiri a filosofi a ku Britain, anamwa pachitsime chimodzi, nzeru za Hegel, katswiri wa filosofi wa ku Germany, zoti munthu sakhala munthu payekha. Koma itafika nkhani ya umphawi, anapatukana.

Green, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford yemwe anamwalira mu 1882, ankati ufulu si kungosiyidwa wekha ayi. Munthu wanjala akavomera ntchito m'fakitale yowononga mapapo, sanasankhe iyeyo, yamusankhira ndi njala. Choncho boma liike malamulo pa maola a ntchito, ukhondo wa nyumba, sukulu za ana, ngakhalenso malonda a mowa, umene iye ankadana nawo koopsa. Sanangolankhula, anakhalanso khansala wa mzinda wa Oxford.

Bosanquet ankalitamanda boma kwambiri m'zolemba zake, koma chodabwitsa, sankafuna kuti lizigawa ndalama chisawawa. Iye ndi bungwe loona za thandizo la osauka la Charity Organisation Society ku London ankati banja losauka liziyamba lafufuzidwa palokha, kuopera kuti zaulere zingafooketse khama.

Ine ndili kwa Green. Chipani cha Liberal cha ku Britain chinapitirira pamene iye analekera: lamulo la 1908 linapatsa okalamba osauka a zaka 70 kupita m'tsogolo penshoni yofika mashileni 5 pa sabata.