Kashopu ka ku Limbe komwe anatithandiza kukonza kaloboti

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ku Ndirande, ndipo kalabu yathu inkapanga kaloboti ka matayala awiri koyendera bolodi ya Arduino Uno, yomwe ili ngati kakompyuta kakang'ono kolamula kalobotiko. Kwa mlungu wathunthu pulogalamu inkakana kulowa mu bolodiyo, kompyuta n'kumangolemba kuti "programmer is not responding". Poganiza kuti bolodi yapsa, ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ulendo wa ku kashopu kena ka zipangizo zamagetsi pafupi ndi msika, ndalama zogulira ina zili m'thumba.

Chomwe ndikuwayamikira amisiri a pamenepo n'chakuti sanathamangire kundigulitsa kanthu. Poyamba anasintha chingwe cha USB, popeza zingwe zina zotsika mtengo zimangotchaja osanyamula deta, koma chathu chinali chabwino. Kenako anazula mawaya limodzilimodzi mpaka anafika pa kachipangizo ka Bluetooth ka HC-05, komwe ophunzira anakalumikiza pa mapini 0 ndi 1, omwenso kompyuta imadutsirapo potumiza pulogalamu ku tchipi ya ATmega328P. Atangochotsa mawaya awiriwo, pulogalamu yoyesera yotchedwa Blink inalowa, ndipo kanyali ka pa pini 13 kanayamba kuphethira. "Aphunzitsi, bolodiyi ilibe mlandu," anatero akuseka.

Panalinso vuto lina lomwe sindinalitchule n'komwe, loti injini zikangoyamba kuzungulira, bolodi inkazima n'kuyambiranso. Iwo anagwiritsa ntchito multimeter, chipangizo choyezera magetsi, n'kundionetsa ndi maso anga mmene mphamvu ya batire lathu la 9V, lamakona anayi lija, inkagwera pansi matayala akatembenuka. Anafotokoza kuti batire lotere silipereka magetsi okwanira injini, komanso kuti L298N, yomwe imayendetsa injinizo, payokha imadya magetsi pafupifupi 2V. Anandigulitsa mabatire awiri a 18650, lililonse la 3.7V, ndipo anatsindika kuti waya wa GND (wa negetivu) wa Arduino ndi wa L298N uzikhala wolumikizana nthawi zonse.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Malowo ndi opanikiza, mpando ndi umodzi, ndipo ndinadikira pafupifupi maola awiri chifukwa okonzetsa mafoni ndiwo amayamba kuthandizidwa. Risiti sapereka pokhapokha mutaumirira, zomwe zimavuta kwa ife ogula ndi ndalama za sukulu. Timawaya tolumikizira tinali titatha, choncho ndiyenera kubwereranso Loweruka, ndipo ulendo umenewo nditenga ophunzira awiri kuti akaone okha mmene amisiriwo amafufuzira vuto.