Border Collie: wogwira ntchito ya nkhosa, koma pakhomo salondera

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi ndachotsayo mlandu wake si wa galuyu. Tinamugula ali kamwana kwa mlimi wina woweta agalu amtunduwu kunja kwa Harare. Pano wakula, akugwira ntchito pa kafamu kathu cha ku Ruwa, kufupi ndi Harare, pomwe tili ndi nkhosa za Dorper ndi timbuzi pang'ono. Ambirife a m'makomboni a mu Harare monga Mbare, Mufakose ndi Highfield tinakula tikudziwa kuti galu ndi wouwa akuba usiku n'kudya makombo a nsima m'mawa. Mukagula Border Collie ndi maganizo amenewo, ndalama zanu zapita, ndipo galuyo mumuzunza.

Kwawo kwa agaluwa ndi kumapiri a m'malire a England ndi Scotland, kumene nkhosa zimamwazikana kutali moti mbusa sangazikuse ndi miyendo yake yokha. Mpikisano wa agalu obusa unachitikira ku Bala, ku Wales, mu 1873, koma kholo lenileni la mtunduwu ndi galu wotchedwa Old Hemp, wobadwa mu 1893 ku Northumberland, kumpoto kwa England, m'manja mwa mbusa wina dzina lake Adam Telfer. Agalu ambiri a nthawiyo ankakusa nkhosa ndi phokoso. Iyeyu ankangozipenya ali duu, nkhosa n'kumayenda komwe akufuna. Abusa anakhamukira kwa iye kukafuna mbewu yake. Bungwe la International Sheep Dog Society linayamba mu 1906, ndipo mlembi wake James Reid ndi amene anayamba kulemba dzina lakuti Border Collie mu 1915.

Ndatchula Old Hemp chifukwa diso lakelo ndi limene munthu amalipira. Wathuyu palibe anamuphunzitsa kupenya choncho. Nkhosa zikabalalika kudambo, sathamangira pakati pawo ayi. Amazungulira patali, kukatulukira kuseri kwa gulu lonse moyang'anizana ndi iwe, kenako amatsitsa mutu, mimba pafupi ndi dothi, mchira uli zoli, n'kumayandikira pang'onopang'ono. Nkhosa imodzi ikafuna kupatuka, iye wafika kale mbali imeneyo. Sauwa, saluma. Ntchito yolowetsa nkhosa m'khola, imene kale inkafuna anthu awiri ndi kukuwa kwambiri, tsopano ndimaichita nditaima pachipata ndi likhweru basi. Pa tsiku la dibi kapena lomwetsa mankhwala a njoka zam'mimba m'pamene mumaona phindu lake.

Mbuzi ndi nkhani ina. Sizikonda kuunjikana, ndipo tonde amatembenuka n'kumuyang'ana galuyo m'maso ngati akuti uchita chiyani. Poyamba ankabwerera m'mbuyo. Pano amalimba mtima, komabe amene muli ndi mbuzi zokhazokha musayembekezere zofanana ndi za nkhosa. Nkhosa yoyamwitsa nayo imaponda pansi n'kukana kusuntha.

Za nzeru zake anthu sakokomeza. Ku America kunali Border Collie wina dzina lake Chaser, amene ankadziwa maina a zinthu zoposa 1,000. Wathuyu sanafike pamenepo, koma ine ndimamulamula m'Chichewa, mnyamata wotithandiza amamulamula m'Chishona, ndipo sasokoneza. Vuto lake n'lakuti zoipa nazo amaphunzira msanga chimodzimodzi. Anaona mmene timatsegulira chitseko cha khola la nkhuku, mawa lake nkhuku zonse zinali zitakusidwa pakona ya mpanda, iye ali chigonere patsogolo pawo.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Galuyu akasowa ntchito amadzipezera yekha. Amakusa ana, njinga, ngakhale galimoto, ndipo ana akathamanga amawatsina zidendene. Mchimwene wanga anamutengera kunyumba kwake ku Mufakose nthawi ya tchuthi kuti azisewera ndi ana. Anamubweza msanga, atakumba dimba la masamba ndi kutafuna payipi yamadzi. Pa tcheni kapena m'kampanda ka m'tauni si pokhala iye. Za ulonda iwalani: mlendo akafika amauwa pang'ono, kenako akumubweretsera kamtengo kuti amuponyere.

Nyengo yathu imamuvutako. Ubweya wake ndi wa kozizira, choncho mu Okutobala timamugwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo okha, madzi ali pafupi, chifukwa yekha sadziwa kuleka. Nthawi ya mvula nkhupakupa zimabisala mu ubweyamo, ndipo zimapatsa matenda otha magazi amene amapha galu msanga. Mukaona wafooka, wakana kudya, nkhama zayera, mkodzo wada, thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Katemera wa chiwewe ndiye osaphonya. Pa chakudya, ndi galu wa thupi lapakati, makilogalamu 14 mpaka 20, koma nsima yokha simukwana pa ntchito yotereyi. Akasamalidwa amakhala zaka 12 kapena kuposerapo.

Nyenyezi ndachotsa ija ndi ya wogulitsa. Khadi la katemera anatipatsa, kagaluko kanali konenepa bwino, ndipo anationetsa make akukusa nkhosa, zimene ndikuyamikira. Koma analonjeza kutithandiza maphunziro oyambirira, ndipo titalipira foni inayamba kungolira. Sanatchulenso kuti mtunduwu uli ndi matenda akumtundu: vuto la mafupa a m'chiuno, matenda a maso, ndi khunyu. Izi tinazimva kwa dokotala. Inu mukapita kukagula, pemphani kuona make ndi bambo wake ali pa nkhosa, funsani ngati anayezedwa chiuno ndi maso, ndipo za maphunzirozo mulemberane musanatulutse ndalama.