Intaneti yawo imathamanga, koma ukangotsegula torrent imagwada

Ndakhala ndi kampani iyi ya intaneti miyezi 8 tsopano, ndipo dzina lake sinditchula. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, makamaka akale amene eni ake atsala pang'ono kuwataya. Ambiri ndimawaikira Debian kapena Ubuntu, mapulogalamu oyendetsa kompyuta, n'kuwabwezera ali amoyo. Choncho mwezi sutha osakopera mafayilo akuluakulu, ndipo ndimakonda kukopera pa torrent, njira imene anthu amagawirana fayilo m'zidutswazidutswa pa intaneti, chifukwa ikaduka imapitiriza pomwe inalekezera, komanso imaunika yokha chidutswa chilichonse ngati chafika chabwinobwino.

Zabwino zilipo, ndisanamizire anthu. Ndinalembetsa ya 20 Mbps, ndipo ndikayeza ndimapeza 18 kapena 19, masana ndi usiku womwe. YouTube sidukaduka, pa Zoom mawu amamveka bwino, ndipo chiyambireni intaneti yathimapo kawiri kokha. Amene mumangofuna zimenezi simudzadandaula.

Vuto ndinaliona madzulo ena, laputopu ya kasitomala ili gada patebulo, zomangira zili m'kambale pambali. Ndinatsegula qBittorrent, pulogalamu yokopera ma torrent, kuti ndikopere Ubuntu 24.04, fayilo ya pafupifupi 6 GB yomwe anthu ambirimbiri amagawana nthawi iliyonse. Mphindi yoyamba inayenda pa 2 MB pa sekondi, lomwe ndi pafupifupi liwiro lonse limene ndinalembetsa. Kenako ndinangoona nambala ikutsika, 900 KB, 300, mpaka inakakhazikika pa 60, osasunthanso. Ndinaimitsa n'kukakopera fayilo yomweyo pa webusaiti ya Ubuntu, inayenda pa 2 MB. Ndinabwerera ku torrent, 60 yomwe ija. Nditayatsa VPN, pulogalamu yobisa zimene ukuchita pa intaneti, liwiro linabwerera lonse, nditazima linagwanso. Ndinabwereza masiku atatu otsatizana, ndikulemba m'kope, ndipo sizinasinthe. Kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka pakati pausiku, torrent imakhala yomangidwa miyendo. Kutumizira ena ndiye kumaipiratu, moti ndimachita manyazi kutenga kwa anzanga osabwezako kanthu, pamene BitTorrent, njira ya ma torrent imeneyi, imayenda chifukwa choti aliyense wolandira amagawirakonso ena.

Mmene amachitira si zamatsenga. Makompyuta awiri akamapatsana moni pa BitTorrent, uthenga woyamba umakhala ndi mawu akuti "BitTorrent protocol". Makina a kampani amasuzumira m'timapaketi todutsa, akazindikira mtundu wake amatiika pamzere wa kumbuyo. VPN imakuta zonse, makinawo osaona kanthu. Kubisa uthenga kwa mu qBittorrent momwemo ndinayesa, kunathandiza pang'ono chabe.

Nditawaimbira foni, woyamba anati ndizime rauta n'kuyatsanso. Ndinachita, ngakhale ndinkadziwa kuti vuto silili pamenepo. Wachiwiri anati iwo sakhudza chilichonse, mwina anthu ogawana fayiloyo ndi ochepa. Nditamuwerengera za m'kope langa, anandiyankha kuti za torrent sangandithandize chifukwa ndi zokopera zinthu zakuba. Apa m'pamene mtima unandipweteka. Debian ndi Ubuntu amaika okha ma torrent pamawebusaiti awo. Internet Archive, laibulale ya pa intaneti, nayo imagawa mabuku ndi nyimbo zakale mwa njira yomweyi. Oba mafilimu alipo, sindikana, koma ine ndalipira ndalama zanga zonse, ndiye andiyese wakuba chifukwa cha pulogalamu imene ndatsegula?

Usiku womwewo ndinawerenganso mgwirizano wathu wonse. Muli chiganizo chimodzi chokha chonena kuti kampani ingathe kuwongolera kayendedwe ka intaneti kuti onse apindule. Sanatchule mapulogalamu ake, maola ake, kapena liwiro limene angakutsitsire.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 2007 ku America, katswiri wa makompyuta Robb Topolski anatulukira kuti kampani ya intaneti ya Comcast inkadula anthu ogawana mafayilo potumiza timauthenga tabodza ta RST, tooneka ngati tachokera kwa mnzako kuti watseka. Associated Press, kampani yofalitsa nkhani, inayesa pogawana Baibulo la King James n'kupeza zomwezo. Mu 2008 bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la FCC linagamula kuti kampaniyo isiye, ngakhale mu 2010 khoti linati bungwelo linalibe mphamvu yotero. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti Comcast inasintha njira: m'malo mosankha pulogalamu, inayamba kuchepetsa kwa kanthawi aliyense amene akudya kwambiri pamene mzere wadzaza, kaya akuchita chiyani. Ku European Union nako lamulo la 2015 limati njira zowongolera zikhale zoonekera ndiponso zosakondera.

Zimenezo ine ndingavomereze. Ndikudziwa kuti madzulo mzere umadzaza, ndipo mayi amene akulankhula ndi mwana wake pa vidiyo asavutike chifukwa cha 6 GB yanga. Komatu mapulogalamu a torrent a masiku ano amagwiritsa ntchito uTP, yomwe imadzichepetsa yokha ikaona kuti mzere wapanikizika. Ndiye chomangira chinthu chimene chimapatuka kale chokha n'chiyani, pamene woonera mafilimu usiku wonse sakukhudzidwa?

Panopa ndikulipira kawiri, kwa iwo ndi kwa a VPN, kuti ndipeze liwiro limene ndinagula kale. Apo ayi ndimasiya kompyuta ili yoyaka kuti ikopere m'bandakucha, kasitomala n'kudikira tsiku lina. Mgwirizano watsala ndi miyezi 4. Kampani ina imene ndalankhula nayo ndaipempha kuti indilembere pa imelo ngati imachepetsa torrent, maola ati, kufika pa liwiro lanji. Ndikudikira yankho, ndipo sindisaina kanthu lisanabwere.