Nkhama zanga zayambanso kumera, laser ija inali ya miyezi yochepa basi

Asisi anga a ku Mufakose andifunsa pa WhatsApp ngati nawonso apite akadulitse nkhama ngati ine, poti akaseka nkhama za m'mwamba zimaonekera zonse, ndiye ndati bola ndilembe pano onse omwe akuganiza zomwezi amve. Ine ndinapangitsa chaka chatha kwa dokotala wina wa mano ku Avenues mu Harare, dzina sinditchula.

Poyamba zinali bwino zedi, ndisaname. Jakisoni wa dzanzi, kenako laser, makina odula nkhama ndi kuwala, ola silinakwane, magazi pang'ono, kusoka kunalibe. Mano 6 a kutsogolo m'mwamba anaoneka aatali bwino. Masiku oyamba ndinkadya phala ndi nsima yofewa. Mankhwala ochukucha m'kamwa a chlorhexidine anandidetsa mano pang'ono koma zinachoka atawatsuka. Madzi a mufiriji ankandilasa m'mano, nazonso zinatha zokha. Pa ukwati wa mng'ono wanga ku Highfield ndinaseka pazithunzi zonse osaphimba pakamwa ndi dzanja, chinthu chomwe sindinachitepo chiyambire kusukulu.

Vuto linayamba pang'onopang'ono moti sindinazindikire msanga. Pa mano awiri a kumanzere nkhama inayamba kutsika, yofufuma, ndikatsuka ndi mswachi magazi. Pano mbali imodzi mano ndi aatali, mbali ina aafupi, kuipa kwake kuposa kale, chifukwa kale zinali zofanana. Ndinabwerera kwa adokotala aja poti tsiku loyamba ananena okha kuti zikabwerera adzakonza ulele. Anandiyang'ana mphindi zochepa nkuti amayi simukutsuka bwino. Potuluka mtsikana wa pa desiki nkundipatsa bilu ya kuonana ndi dokotala, ati ulele uja unali wa miyezi itatu yoyamba, zomwe palibe anandiuza ndipo pa risiti sizinalembedwe.

Ndiye ndinapita kwa dokotala wina wachikulire m'tauni, ndipo funso lake loyamba linali loti mayi, mumamwa mankhwala anji? Ine ndimamwa amlodipine wa BP zaka ndithu. Anangogwedeza mutu. Anati amlodipine ndi nifedipine, komanso phenytoin wa khunyu ndi ciclosporin wochepetsa chitetezo cha m'thupi, amatha kufufumitsa nkhama mwa anthu ena, makamaka pakakhala zoyanga m'mano, ndiye ukadula koma mankhwala ali omwewo nkhama imatha kubwerera. Woyamba uja sanandifunse zimenezi olo kamodzi. Kenako anayeza ndi kachitsulo, nkujambula X-ray, ndipo anapeza china. Nkhama imafuna mpata wa pafupifupi 3 mm kuchokera m'mphepete mwake kukafika pa fupa, ndiye ngati fupa lili pafupi, ukangodula mnofu wokha thupi limaubwezeretsa. Pa mano awiri aja pankafunika crown lengthening, pomwe amatsegula nkhama nkupala fupa pang'ono kenako nkusoka. Laser yokha kunali ngati kusadza therere, liphukanso basi.

Anandifotokozeranso kuti kuoneka nkhama sikuchokera kumodzi. Ena nkhama sinabwerere m'mbuyo mano atamera ali ana, ndiye mano amaoneka aafupi pomwe ndi aatali bwinobwino, amenewo ndi omwe kudula kumawathandiza. Ena mlomo wa m'mwamba ndi waufupi kapena minofu yake imaukoka kwambiri akamaseka, amenewo amabayidwa Botox, mankhwala ofooketsa minofu, pambali pa mphuno koma imatha pakapita miyezi 3 kapena 4 nkukalipiranso, kapena amachitidwa opaleshoni yotsitsa mlomo. Ena ndi nsagwada ya m'mwamba yomwe ndi yaitali, apo ndi opaleshoni yaikulu ya fupa, laser singachite kanthu. Asisi anga ndikawaona akuseka ndimaona ngati ndi mlomo, mano awo ndi aatali kale, koma ayezedwe kaye, ine si dokotala.

Za BP anandichenjeza kuti ndisasiye mapiritsi pandekha, anandilembera kalata yopita nayo ku kiliniki ndipo kumeneko anandisinthira mtundu wina. Kufufuma kwachepa, magazi asiya, koma mano awiri aja akadali aafupi.

Masiku ena ndimayang'ana pagalasi nkumati aaa mano anayi ali bwino, ndalama sinapite pachabe. Masiku ena ndikakumbukira $300 yomwe ndinapereka, ya cash, poti ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, anakana ndipo a medical aid anati izi ndi zodzikongoletsa sitilipira, mtima umandiwawa kwambiri. Ndalama imeneyo ndinasonkha kuchokera pa geni yanga ya zovala ku Mbare, sikuti inagwa kumwamba. Crown lengthening ya mano awiriwo mtengo wake ukuposa womwe ndinalipira pa onse 6, ndiye kaya mwina chaka chamawa fizi ya ana ikatha.

Kwa woyamba uja ndinalemba uthenga wopempha kuti andibwezere olo theka, poti sanafunse za mankhwala ndipo sanajambule X-ray. Anawerenga, timizere tabuluu tinaoneka, yankho palibe. Bilu ya kuonana ija sindinalipire ndipo sindilipira, akafuna andiyimbire tikambirane za theka langalo kaye.