Escrow inandithandiza pa pampu, koma pa nkhosa inandisiya njira ili pakati

Chaka chino ndagwiritsa ntchito kampani ina ya escrow kawiri, koyamba pogula pampu ya madzi ya dizilo imene inagwirapo kale ntchito, ndipo kachiwiri pogula nkhosa zazikazi 5 za mtundu wa Dorper kwa woweta amene ndinamupeza pa Facebook. Wogula amapereka ndalama ku kampaniyo, iyo imazisunga, ndipo wogulitsa amalandira pokhapokha wogula atavomereza kuti katundu wafika monga anagwirizanirana.

Ndinayamba kufunafuna njira yotere nditapulumukira m'kamwa mwa kathyali wina amene ankatsatsa nkhosa zamphongo pamtengo wotsika modabwitsa. Iye ankati akusamuka, ndipo anthu ena akuzilimbirana, choncho nditumize chikole ndi ndalama ya galimoto tsiku lomwelo. Nditaika zithunzi zake mu Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, ndinapeza kuti zinatengedwa pa tsamba la woweta wa dziko lina. Nditamupempha kuti alowe m'khola n'kundiimbira foni ya vidiyo, netiweki yake inayamba kuvuta, ndipo zikuoneka kuti mpaka lero sinachire.

Pa pampu ndilibe dandaulo. Ndinauza wogulitsa kuti ajambule kachitsulo kamene pamalembedwa nambala ya injini, ndipo nambalayo tinailemba m'pangano. Pampu itafika ndinayerekeza nambala, ndinayang'ana oyilo, kenako ndinailiza kwa ola lathunthu ikukoka madzi kuti ndione utsi wake ndi kumva kaliridwe kake. Ndinavomereza, ndipo wogulitsa analandira ndalama zake mawa lake. Ndalama yolipira kampaniyo tinagawana pakati.

Pa nkhosa m'pamene ndinaona kuti amene anakonza fomu ya kampaniyi ankaganiza za katundu wa m'makatoni. Palibe polemba zaka za chiweto kapena nambala ya kukhutu, moti zonsezi ndinazipanikiza m'kabokosi ka mawu owonjezera, ndipo n'zimene zinandipulumutsa. Tinagwirizana nkhosa za zaka pafupifupi 2. Zaka za nkhosa zimadziwika poyang'ana mano akutsogolo, amene m'mwamba mulibe koma alipo 8 kunsi kokha. Mano awiri oyamba aukulu amatuluka ikakhala ndi miyezi yapakati pa 12 ndi 18, ndipo ena amatsatira awiriawiri mpaka onse 8 atakwanira ikamafika zaka 4. Zinayi mwa nkhosazo zinali ndi mano aukulu 4 monga ndinkayembekezera, koma yachisanu inali nawo onse 8, operepeseka ndiponso otalikirana, kusonyeza kuti inali yokalamba ndithu.

Ndinatumiza dandaulo pamodzi ndi zithunzi za m'kamwa ndi kalata ya dokotala wa ziweto. Yankho loyamba linali lakuti nditumize chithunzi cha phukusi limene katundu anabweramo, ndipo ndinafunika kufotokoza kawiri kuti nkhosa siibwera m'phukusi. Komabe pa chinthu chachikulu sanaphonye, chifukwa ndalama sanazitulutse mpaka nkhaniyo itatha. Wogulitsa, amene ndikukhulupirira kuti sanali mbava koma ankangofuna kuchotsa nkhalamba m'khola, anavomera kutsitsa mtengo wa nkhosa imodziyo.

Chimene sichinandikhutiritse kwenikweni ndi nthawi yoyendera katundu. Anandipatsa masiku 3, amene ndi okwanira pa injini, pamene ziweto zatsopano zimafunika kukhala pazokha kwa milungu 3 kapena 4 zisanasakanikirane ndi zinzake, chifukwa matenda ena amachedwa kuonekera. M'masiku ochepawo ndinangotha kuyang'ana ziboda ngati sizikuola ndi kutsegula zikope motsatira njira ya FAMACHA, imene inapangidwa ku South Africa. Mkati mwa chikope mukakhala motuwa m'malo mofiira, ndiye kuti magazi achepa, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi nyongolotsi zoyamwa magazi m'mimba. Nkhosa ikadwala pa mlungu wachiwiri, kampaniyo imakhala itasamba kale m'manja.

Kampaniyo singakuuzeninso ngati nkhosa ili ya mtundu weniweni. Dorper inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo nkhosa zambiri zosakanizidwa zimatenga mutu wakuda ndi thupi loyera lomwelo. Chithunzi sichingasiyanitse zimenezi, choncho ndinapempha mapepala a kaundula wa mtunduwo ndipo ndinalemba m'pangano kuti abwere limodzi ndi nkhosazo.

Kampaniyi ndinaisankha ndekha ndipo adiresi yake ndinkailemba ndekha pa kompyuta nthawi iliyonse, popeza akathyali amapanganso masamba onama a escrow n'kutumizira wogula linki pa WhatsApp. Wogulitsa wina amene ndinalankhula naye poyamba anaumirira kuti tigwiritse ntchito kampani ya escrow imene iye anasankha, ndipo nditakana anasiya kuyankha mauthenga.

Pa zipangizo za ulimi ndikuipatsa nyenyezi 5, pa ziweto 3. Ndikamadzagula nkhosa yamphongo ndidzaigwiritsanso ntchito, koma ndidzayamba ndakambirana ndi wogulitsa kuti masiku oyendera akhale 21, ndipo m'kamwa mwa nkhosayo ndidzakaonamo ndekha isanakwere galimoto.